Malonje pa Foni ya Inshuwalansi

Amuna anga anali munthu wa malonje. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, unkayenera kuyamba wapeza pokhala, chifukwa yankho lake silinali lomvera choimirira. Ankayambira kumutu n'kutsikira kumapazi, kenako n'kulowa m'nyumba: mayi adzuka chonchi, mwana anaimba dzulo, mpopi wa kubafa wayambanso kudontha. Akamaliza ankaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Kaya inu anzathu." Ndipo ankadikiradi. Kwawo ku Ntcheu munthu sangofika pakhomo n'kuyamba zomwe wabwerera. Amayamba wafotokoza mmene wayendera ndi mmene wawasiyira anthu kumene wachokera, eni khomo nawo n'kufotokoza zawo. Khalidwe limeneli anabwera nalo kuno m'chikwama chimodzi ndi jekete la ukwati wathu. Jeketelo linatha kalekale, malonje osatha.

Pali chinthu chomwe mwana wathu wamkazi, amene anakulira kuno, sachimvetsa mpaka lero. Pa malonje munthu wamkulu sanena kuti ali bwino kotheratu. Kumeneko n'kudzitama, ndipo umamutseka pakamwa mnzako amene mwina wadzuka mofooka. Umapeza kenakake koika patsogolo, kaya kachimfine, kaya bondo, kaya chiuno choluma kukazizira. Mnzakoyo amati pepani, iwe n'kuthokoza, iyenso n'kutulutsa kake. Amenewo si matenda ayi, ndi ulemu chabe. Ine za chiuno cha abambowa ndinayamba kuzimva tisanakwatirane n'komwe, koma ndi chiuno chomwecho ananyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Tipton mpaka tsiku lopuma ntchito, osajomba.

Kwa dokotala kokha ndi kumene sankapereka malonje. Ankati munthu amene akukufunsa maso ali pa kompyuta sakufuna kumva, ndiye umuvutitsirenji. Ankangoti ali bwino, kuyezetsa zoyezetsazo, n'kubwerako. Choncho mbiri yawo ya kuchipatala inali yoyera ngati ya mnyamata, ndipo ine ndinkainyadira chifukwa ndinkadziwa phindu lake.

Ndinkadziwa chifukwa ndagwira ntchito yosamalira okalamba zaka zanga zonse za ku England. Ndasambitsa anthu, ndawatembenuza pabedi, ndawadyetsa. Ambiri mwa iwo ankabwera ali pamzere wodikira opaleshoni ya chiuno kapena ya bondo ku chipatala cha boma. Chipatalacho sindichinyoza, chimapulumutsa anthu tsiku ndi tsiku ndipo sichikufunsa za m'thumba. Ukagwa ndi mtima amakuthamangira. Koma fupa lopweteka silipha munthu, ndiye limadikira. Ndinaona anthu akufika kuntchito kwathu akuyenda ndi ndodo, kenako ndi kachitsulo kokankha kaja, kenako pa njinga ya olumala, ndipo tsiku lawo likamakwana miyendo inali itaiwala ntchito yake. Nditapuma ntchito ndinalumbira mumtima kuti m'nyumba mwanga zimenezo sizidzachitika.

Panalinso chifukwa china, chachikulu kuposa mantha angawo. Apongozi anga, mayi awo a abambowa, anamwalira nthawi ya mliri ija, ndege zitaima. Abambowa, mwana wawo woyamba, anaonera maliro pa foni, atakhala pampando wa pabalaza ku West Bromwich, chithunzi chikudukaduka. Sanalire mokweza. Anangouza mchemwali wawo, alamu anga, kuti chiliza asamange iwo kulibe. Anati adzabwera, adzayenda okha kuchokera pamsewu mpaka kumanda, ndipo adzaika mwala woyamba ndi manja awo. Manda akwawowo ali kutsidya kwa mtsinje, pamwamba pa chitunda, ndipo galimoto imathera kutali. Tinagwirizana kuti tisunge ndalama pang'onopang'ono, tidzapite m'chilimwe china tonse awiri. Ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti miyendo yomwe inalonjezayo idzakhale ikuyendabe.

Ndiye ndinayamba kufufuza za inshuwalansi ya matenda, yowonjezera pa chithandizo cha boma, yoti fupa likavuta ukapangidwe msanga ku chipatala cholipira. Mwana wathu anandisiyira kompyuta yake yakale n'kundionetsa podina. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya madzulo amodzi. Zinandizunguza mutu mpaka masamba a mitengo anayoyoka.

Yotchipa inkalipira bedi ndi opaleshoni basi, koma kuti adziwe chomwe chikukuvuta unkayenera kudzilipirira wekha, kapena kubwerera kumzere womwe ukuuthawawo. Yapakati inkaphatikiza kujambula mafupa ndi kuonana ndi dokotala wamkulu, koma kangapo kokha pa chaka. Yodula inali ndi mano, maso, ngakhale wokusisita msana, ndipo mtengo wake unali woti penshoni ya munthu mmodzi izingodutsa m'nyumba osakhala pansi. Panali ina yaing'ono yomwe amzanga ena ankaitama, koma nditaiwerenga bwino ndinapeza kuti imangokubwezera zamagalasi ndi zotsukitsa mano. Chiuno siyikuchidziwa. Kenako panali nkhani ya ndalama yoyamba kulipira wekha ukadwala: ukavomera kuti ikhale yambiri, ya pamwezi imatsika, ukafuna yochepa, ya pamwezi imakwera. Kulikonse kumene ungathawire amakupeza. Ndipo ndikangolemba zaka zathu zobadwa, mitengo yonse inkalumpha ngati yaona njoka. Pa zithunzi zawo pamakhala nkhalamba zoseka zikupalasa njinga m'mbali mwa ngalande, koma mitengoyo imanena mosabisa kuti nkhalamba sakuzifuna.

Kutchalitchi nditaitchula nkhaniyi anandiseka. Mayi wina wa ku Zambia anati, "Amayi, chipatala chili free, inu mufuna kulipira futi? Ndalama zakuchulukirani?" Atsikana ongofika kumene, ogwira mashifiti a usiku ndi usana m'nyumba za okalamba, anangondiyang'ana ngati ndikukamba zogula ndege. Sindinawaimbe mlandu, iwo nkhawa yawo ndi viza ndi lendi. Koma mkulu wina wa zaka zathu zomwezi anandikokera pambali n'kundiuza kuti kulipiriratu matenda n'kuwaitana. Bambo ameneyu ndi amene amatolera zopereka za gulu lathu la maliro, lomwe limatumiza thupi kumudzi munthu akamwalira. Mwezi ndi mwezi amatikumbutsa pa foni, ndipo sindinamumvepo akunena kuti tikuitana imfa.

Abambowa sanatsutse. Anangoti, "Mayi, inu ndi amene mumazidziwa za zipatalazi. Mukapeza yabwino mundiuze posaina."

Ndinasankha yapakati ija. Kampani yake siinali yotchipitsitsa, koma inkalipira mafupa bwino, ndipo ndinali nditawerenga timalemba tonse tating'ono mpaka maso kutuluka misozi. Kunatsala chinthu chimodzi. Aliyense ankayenera kuyankha yekha mafunso a zaumoyo wake pa foni. Ine ndinayankha anga mmawa wina, inde pa inde, ayi pa ayi, osaonjezera mchere. Anati abambo adzawaimbira tsiku lina. Ndinawatsina khutu kuti akadzaimba ayankhe zokhazo zomwe afunsidwa. Anati amva. Ndinawauzanso kachiwiri, anati, "Kodi mukundiyesa mwana?"

Anaimba ine nditakwera tiramu, kasitima ka m'tauni, kupita kumsika. Pobwera, ndikutsegula chitseko ndi majumbo m'manja, ndinamva abambowa akuseka chikhakhali pabalaza, kuseka kuja amaseka akapeza munthu wodziwa kucheza. Ndinaganiza kuti ndi a kumudzi. Kenako ndinamva Chingerezi chawo chaulemu chija, cha kusukulu ya mishoni, akufotokoza kuti kukazizira chifuwa nachonso chimalankhula pang'ono. Majumbo ndinangowasiya pakhomo pomwepo.

Foni inali pa sipika, pa tebulo. Kumbali inayo kunali mayi wa mawu ofewa, a kuno konkuno, amene amakutchula kuti wokondedwa asanakuone n'komwe. Ndinamva pambuyo pake kuti anayamba ndi kuwafunsa mmene akhalira masiku amenewa, ndipo atafunsa anakhala chete kudikira. Abambowa anali asanakumanepo ndi mzungu wofunsa n'kudikira. Anakhala bwino pampando n'kuyambira kumutu.

Ndinawakodola. Anandibweza ndi dzanja ngati mmene umabwezera nkhuku. Ndinawaponda chala, anasuntha phazi. Mayi uja anati akufuna amvetse bwino za ululu womwe anautchula poyamba uja, wa m'chiuno. Abambowa anali atagwiritsa ntchito liwu la Chingerezi la pomangira lamba, monga timachitira tonse. Ndiye mayiyo anafunsa kuti akutanthauza mafupa a m'mbali awiriwa, kapena kumunsi kwa msana, kapena pena.

Kwathu chiuno ndi chiuno. Sitichigawa. Abambowa anadabwa ndi funsolo, anadzigwira m'mbali, anadzigwira kumbuyo, n'kuyankha mokondwa kuti zonsezo. Atafunsidwa kuti zinayamba liti, anati aa, kalekale, zaka zambiri, kuyambira masiku onyamula makatoni. Mayi uja anawamvera chisoni ndi mawu okoma kwambiri. Ndinkamva zala zake zikugogoda pa kompyuta.

Atatseka foni anandiyang'ana mokhumudwa. "Mayi, munthu akulankhula ndi mlendo mumamuponda? Mtsikana waulemu ngati ameneyu. Wandifunsa ndi za mwana wathu zomwe."

"Mwamuuza chiyani?"

"Wandipatsa moni, ndamuyankha."

"Si moni umene uja, bambo. Amarekoda."

"Ndiye ndanama pati?"

Sananame paliponse, ndipo n'zimene zimandiwawa mpaka lero. Ine sindinkafuna kuti aname. Akanakhala ndi matenda enieni ndikanawauza ndekha kuti awatchule. Koma bondo lomwe analitchulalo linasiya kupweteka mwana wathu ali ku pulayimale. Chifuwacho chinali chimfine cha chaka chilichonse chomwe aliyense wa mu Birmingham amadwala. Anangotola zonse zomwe munthu waulemu amaika patsogolo, n'kumupatsa mlendo kuti asabwerere chimanjamanja.

Mapepala atabwera, mwana wathu anakwera sitima kuchokera ku Selly Oak kumene amagwira ntchito, kudzatiwerengera. Anawerenga ataima, chikhoto chili m'thupi. Kampaniyo inatilandira ndi manja awiri, inatero. Koma kwa abambo siidzalipira chilichonse chokhudza fupa la m'chiuno la kumanja, la kumanzere, kumunsi kwa msana, mawondo onse awiri, ndi chifuwa. Liwu limodzi la Chichewa linabala zoletsa zitatu m'Chingerezi. Ndinati ndiye atisiyira chiyani, makutu ndi zigongono?

Mwanayo anatembenukira kwa bambo ake. "Dad, why would you tell them all that?"

Iwo anamuyankha m'Chichewa, monga amachitira nthawi zonse. "Anandifunsa."

"She was doing her job, Dad."

"Inenso ndimachita yanga."

Ndinaimbanso kukampaniko kuti ndifotokoze. Ndinayesa kumuuza mnyamata amene anayankha kuti kwathu munthu akamapereka moni amatchula zowawa ngakhale sizikuwawa kwenikweni. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti akumvetsa kwambiri, koma zomwe kasitomala wanena yekha ndi pakamwa pake sangazifufute. Makampani ena omwe ndinali nditawasiya ndinawabwerera. Ena ankafunsa ngati pali kampani yomwe inakuikirapo zoletsa. Ena sankafunsa kanthu polowa, koma ankati chilichonse chomwe unachimvapo m'thupi m'zaka zapitazi sachikhudza mpaka padutse zaka ziwiri usanachimvenso. Ndinawafunsa abambowa ngati angathe zaka ziwiri osatchula chiuno. Anati, "Ndiye anthu akandipatsa moni ndiziti chiyani?"

Tinaitengabe yapakati ija. Ndinadziuza kuti mtima ulimo, zotupa zilimo, ndipo chiuno chomwe chapirira makatoni a ku Tipton sichingagonje ndi kukhala pampando. Mwezi uliwonse ndalama inkachoka yokha ku banki. Tinasiya kuyatsa zotenthetsera m'zipinda za m'mwamba kuti za ulendo wa ku Ntcheu zisakhudzidwe.

Chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, abambowa anaterereka pa madzi oundana pafupi ndi pokwerera tiramu. Sanathyoke. Anadzuka okha, anadzisasa, anafika kunyumba akuseka kuti dziko lawapatsa moni. Koma kuyambira tsiku limenelo mwendo wa kumanja unayamba kukana. Poyamba ankavutika kuvala sokosi. Kenako masitepe a m'nyumba ankakwera chammbali, atagwira khoma. Atawajambula ku chipatala cha boma anapeza kuti fupa la m'chiuno laperepeseka, likufunika kusintha. Anawalemba pamzere. Nditafunsa kuti mzerewo ndi wautali bwanji, namwino anandiyang'ana mmene ine ndinkayang'anira abale a okalamba anga akandifunsa funso lomwelo.

Ndinaimba ku inshuwalansi, ngakhale yankho ndinkalidziwa. Ndinati ichi n'chatsopano, chayamba ndi kugwa. Anati dokotala wawo waona zithunzi, ndipo kuperepeseka kotere sikuyamba tsiku limodzi. Komanso mwiniwake ananena kuti ululu unayamba kalekale. Ndinakana mpaka mawu anga anakwera. Ndiye anandifunsa mwaulemu ngati tingakonde kumva zomwe zinajambulidwa tsiku lija. Ndinati inde, chifukwa mtima unali utapsa kale.

Tinamvetsera tonse awiri pa tebulo lomwe lija. Munali mawu a amuna anga, osangalala, omasuka, akupereka malonje abwino kuposa onse omwe ndinawamvapo kuno. Anayambira kumutu. Anatchula ine, kuti ndapita kumsika ndipo ndine mayi wolimba. Anatchula mayi awo, chiliza, mtsinje ndi chitunda. Anamuuza mlendo uja kuti n'chifukwa chake akufuna miyendo yawo ikhale yotetezedwa. Ndipo chakumapeto, ine nditalowa kale n'kuwaponda chala, kunamveka kuomba m'manja kamodzi, iwo n'kumufunsa mayi uja kuti nanga iye ndi a kunyumba kwake ali bwanji. Mayiyo anaseka n'kupita ku funso lotsatira.

Abambowa anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa tebulo. Kenako anati, "Zimitsani." Anadzuka movutikira n'kupita kukakhala kukhitchini.

Ndinafunsa mtengo wopangitsa opaleshoniyo ndi ndalama zathu ku chipatala cholipira. Unali woti ngakhale titathira za ulendo zonse, n'kugulitsa galimoto, sitikanafika pakati. Ndinachita manyazi koma ndinapita kwa mkulu wa gulu la maliro uja. Ndinamukumbutsa kuti tapereka kuyambira pomwe gululo linayamba, osadumpha. Ndinapempha kuti atibwereke, tidzabweza.

"Mayi, ndikumva chisoni kwambiri," anatero. "Koma constitution ya gulu ndi ya maliro basi. Tikayamba kukava matenda, fund itha mwezi umodzi. Koma musadandaule, chinachake chitachitika, abambo adzapita kumudzi bwinobwino. Zimenezo ndiye zili sorted."

Anandiuza zimenezi akuganiza kuti akunditonthoza. Ndinatuluka osatsanzika. Kunena zoona anthu athu ndi abwino pa maliro. Adzabwera ndi mapoto, adzaimba usiku wonse, adzanyamula bokosi mpaka pabwalo la ndege. Koma munthu wamoyo amene akufuna kupita kwawo ndi miyendo yake alibe gulu.

Alamu anga anadikira chilimwe chimodzi. Anadikiranso china. Kenako anaimba n'kunena mozungulira kuti amalume awo a abambowa, omwe ayenera kutsogolera mwambowo, akufooka, ndipo simenti yomwe anagula yayamba kuuma m'matumba. Mwana wathu anapeza nzeru. Anati pabwalo la ndege pali njinga za olumala, ndipo kumudzi kuli anyamata ambiri oti angawanyamule bambo ake kuwoloka mtsinje ndi kukwera chitunda. Anafufuza ndi mipando ya m'ndege yotambasulira miyendo yomwe.

Abambowa anamusiya amalize. Kenako anati, "Mwanawe, njira ya kumanda ija amanyamulamo munthu wa mtundu umodzi wokha. Ine sindinafike pamenepo." Madzulo ake anaimbira mchemwali wawo n'kumuuza kuti amange.

Inshuwalansi ija ndinaisiya mwezi womwewo. Inali itakweranso mtengo, chifukwa tinali titakula ndi chaka china. Atandiimbira kufunsa chifukwa chomwe ndikuchokera, anayamba ndi kundifunsa mmene ndakhalira masiku amenewa. Ndinamuuza mtsikana amene anaimbayo kuti asandifunse funso limenelo ngati alibe pokhala. Sanamve chomwe ndimatanthauza, ndipo si iye anali wolakwa, koma sindinapepese.

Tsiku la chiliza abambowa anavala suti kuyambira mmawa. Anakhala pampando womwe anaonerapo maliro uja, ndodo ili pambali, foni itatsamira kapu. Mdzukulu wa alamu anga ndi amene ankajambula. Tinaona anthu akuvula nsapato pamtsinje, tinaona chitunda, udzu wouma, amalume akuyenda pang'onopang'ono atagwiridwa mkono. Mwala woyamba anaika mng'ono wawo wa abambowa. Chithunzi chinaima pomwe iye anawerama, ndipo chitayambanso kuyenda mwalawo unali utakhala kale.

Zonse zitatha, alamu anga anaimba ali pakhonde kwawo, mawu atasasa ndi kuimba. Anapereka malonje onse monga mwa mwambo. Anayamba ndi mmene anadzukira, mutu ukuwawa pang'ono. Anatchula omwe anabwera ndi omwe analephera, mbuzi yomwe anapha, amalume omwe anafika pamwamba koma pobwerera anachita kuwakweza pa njinga. Anati mwendo wawo wa kumanzere nawo wayamba kutupa madzulo, koma ndi zazing'ono. Analankhula nthawi yaitali, abambowa akungogwedeza mutu. Kenako tinamva kuomba m'manja.

"Kaya inu achimwene kumeneko."

Ndinakoka mpando n'kukhala. Panali zambiri zoti anene tsiku limenelo, ndipo kwa nthawi yoyamba zonse zinali zenizeni. Panali chiuno chomwe chinkawalanda tulo, mapiritsi omwe ankawatseka m'mimba, masitepe omwe anasiya kukwera mpaka tinatsitsira bedi pabalaza.

"Tili bwino," anatero.

Kumbali inayo alamu anga ankadikira zotsatira.

"Achimwene? Netiweki yaduka kodi?"

"Ayi, ndikukumva. Tili bwino." Anandipatsa foni.

Alamu anga ananditsitsira mawu n'kufunsa ngati achimwene awo awakwiyira chifukwa chomanga iwo kulibe. Ndinati ayi, sanakwiyire munthu. Anafunsa kuti nanga bwanji akuyankha ngati mlendo. Ndikanawafotokozera bwanji mayi wa ku Ntcheu kuti kuno moni amausunga m'makina, n'kudzakuwerengera tsiku lomwe wagwa?

Tsiku lawo la opaleshoni linadzakwana ndithu, ku chipatala cha boma chomwe chija, osalipira kanthu. Madokotala anagwira ntchito yabwino. Pano amayenda, amakwera masitepe, Loweruka amapita okha kumsika pa tiramu. Mwana wathu amati ndisiye kuwawidwa mtima, zonse zinatha bwino, ndipo tikhoza kupita ku Ntcheu chaka chilichonse chomwe tafuna. Ndikawafunsa za ulendowo abambowa amati tiona. Chiliza chinamangidwa kale, ndipo sindikudziwa ngati akufuna kukachiona chili ndi mwala wa munthu wina pansi pake.

Kutchalitchi anthu amati abambo asintha, masiku ano sachedwetsa munthu pakhomo. Ena amanena ngati n'zoyamikira. Akafunsidwa amayankha mawu awiri n'kudutsa, ngati munthu wobadwira konkuno.

Mmawa uliwonse ndimawapangira tiyi, n'kuwafunsa kuti adzuka bwanji. Amati adzuka. Ine ndimakokabe mpando n'kukhala, kudikira kuti mwina ayambira kumutu. Iwo amamwa tiyi wawo mpaka kutha, n'kukatsuka kapu.